Mutu 7: Kukonza Pulani ya Nyumba Yosamala Mphamvu

Mawu Oyamba

 Tisanapite patali, ndikufunseni: kodi mudagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i m'mwezi wa Okutobala? Ngati mudatero, mukudziwa za kutembenukatembenuka mpaka tambala woyamba, ana akulira, neti yoteteza udzudzu mutaikankhira kumbali chifukwa cha thukuta. Ikafika Juni nyumba yomweyo imazizira mpaka mumalakalaka kulowetsa mbaula kuchipinda. Ambirife timangoti, "Ndi nyengo, nanga tingatani?" Komatu mbali yaikulu ya vutoli idayamba tsiku lomwe mmisiri adakhoma zikhomo ndi kukoka chingwe cha maziko.

Aphunzitsi ambiri amasunga ndalama kwa zaka kuti adzamange nyumba imodzi yokha, yodzapumiramo pantchito. Ena muli m'makomiti a sukulu omwe amagamula za nyumba za aphunzitsi ndi midadada ya makalasi. Paja akuluakulu adati mmera mpoyamba. Nyumba ikayang'ana kolakwika simungaitembenuze, ndipo cholakwikacho mudzachilipira ndi nkhuni, makala, mayunitsi a magetsi ndi tulo tanu kwa moyo wanu wonse.

Zolinga

Pomaliza mutu uno muyenera kutha:

- kufotokoza njira zitatu zomwe kutentha kumayendera;
- kusankha komwe nyumba iyang'ane potengera kayendedwe ka dzuwa;
- kuwerengera mthunzi womwe denga lingapereke pakhoma;
- kufotokoza ubwino ndi kuipa kwa zipangizo zosiyanasiyana zomangira;
- kuwerengera magetsi omwe nyumba ingagwiritse ntchito pamwezi.

Mutuwu ukutengerani pafupifupi maola atatu. Mukhale ndi ndodo yowongoka yotalika mita imodzi, tepi yoyezera, pepala ndi pensulo.

7.1 Kodi nyumba yosamala mphamvu n'chiyani?

Tikamati mphamvu m'mutu uno, tikunena chilichonse chomwe banja limagwiritsa ntchito pophika, powunikira, potenthetsa madzi, podziziziritsa kapena podzitenthetsa: nkhuni, makala, palafini, gasi, mabatire, magetsi ndi dzuwa. Nyumba yosamala mphamvu ndi yomwe banja limakhalamo mosavutika ndi kutentha kapena kuzizira, limaona bwino masana osayatsa nyale, ndipo limaphika ndi nkhuni kapena magetsi ochepa.

Mwina mukuti izi ndi za anthu a m'tauni okhala ndi magetsi. Ayi ndithu. Kalembera wa anthu wa mu 2018 ku Malawi adaonetsa kuti mwa mabanja khumi alionse, oposa asanu ndi anayi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo pafupifupi banja limodzi lokha mwa khumi ndi lomwe limawunikira magetsi. A magetsiwo nawonso sali pabwino. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023. Mu 2024 chilala chidaphwetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo ku Zambia magetsi ankazima kwa maola ambiri tsiku lililonse. Nyumba yomwe imadalira fani kuti anthu agone, tsiku lotere imasanduka uvuni.

7.2 Momwe kutentha kumayendera

Kutentha nthawi zonse kumachoka pamalo potentha kupita pamalo pozizira. Kumayenda m'njira zitatu, ndipo zonsezi mumaziona kukhitchini.

Njira yoyamba ndi yodutsa m'kati mwa chinthu. Siyani supuni yachitsulo m'kapu ya tiyi, posakhalitsa chogwirira chake chatentha. Mthiko sutero. Chitsulo chimadutsitsa kutentha msanga, pomwe mtengo, udzu ndi mpweya wotsekeredwa malo amodzi zimakuchedwetsa.

Njira yachiwiri ndi yoyenda ndi mpweya. Mpweya ukatentha umapepuka n'kukwera, ndipo wozizira umabwera kudzatenga malo ake. N'chifukwa chake utsi umalowera kudenga.

Njira yachitatu ndi ya cheza. Mukamawotha moto mumamva kutentha kumaso ngakhale simudaukhudze. Umu ndi momwe dzuwa limatenthetsera malata, ndipo umu ndi momwenso malata otenthawo amakuwotcherani pamutu muli m'nyumba. Chinthu chakuda chimamwa cheza chambiri, choyera chimabweza chambiri.

Gwirani mfundo zitatuzi, chifukwa zonse zomwe zikubwerazi zatsamira pamenepa.

7.3 Nyumba iyang'ane kuti?

Maiko athu ali kummwera kwa Equator. Choncho m'nyengo yozizira dzuwa la masana limadutsa chakumpoto. Samalani ndi mabuku olembedwa ku Ulaya kapena ku America, omwe amati mawindo aakulu ayang'ane kummwera. Iwo akunena zoona za kwawo. Kuno n'zotembenuza.

Titenge chitsanzo cha Lilongwe, yemwe ali madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa Equator. Pa 21 Juni, dzuwa likafika paliwombo limakhala litakwera madigiri 52 okha, chakumpoto. Pa 21 Malichi ndi pa 23 Seputembala limakwera madigiri 76. Chakumapeto kwa Okutobala ndiponso chapakati pa Febuluwale limadutsa pamutu penipeni, ndipo mu Disembala limapendekera pang'ono kummwera. Ku Chipata, ku Lusaka, ku Tete ndi ku Harare kusiyana kwake ndi madigiri ochepa chabe. Anzathu a ku Gaborone, ku Johannesburg ndi ku Maseru, dzuwa la masana limakhala kumpoto chaka chonse.

Tanthauzo lake ndi ili. Khoma lakumpoto limalandira dzuwa mu Juni ndi Julayi, pomwe tikulifuna, ndipo m'miyezi yotentha dzuwa limadutsa pamwamba osaligunda. Makoma a kummawa ndi kumadzulo ndiwo ali pamavuto, chifukwa dzuwa lotsika limawagunda maso ndi maso chaka chonse. Loipitsitsa ndi la kumadzulo, lomwe limafika mpweya utatentha kale.

Choncho pokonza pulani:

- nyumba ikhale yotalika kuchokera kummawa kupita kumadzulo, kuti makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera;
- mawindo aakulu akhale m'makoma aataliwo, ndipo kumadzulo kukhale windo laling'ono kapena kusakhale windo;
- chipinda chosungira katundu, bafa kapena khonde zikhale kumadzulo kuti zitchinjirize zipinda zogona;
- bzalani mango kapena mapeyala kumadzulo, motalikirako ndi khoma kuti mizu isadzang'ambe maziko.

Ndikudziwa chomwe chimachitika. Mmisiri amafuna nyumba iyang'ane kumsewu, basi. Palibe vuto, chitseko ndi khonde zitha kuyang'ana kumsewu. Chomwe muyenera kulimbikira ndi komwe kuyang'ane mawindo a zipinda zogona ndi pabalaza.

Tsopano tiwerengere mthunzi. Denga likatulukira kunja kwa khoma, limagwetsa mthunzi pakhomapo. Kudera la Lilongwe, kuti mudziwe kutalika kwa mthunzi wa masana pakhoma lakumpoto, tengani kutulukira kwa denga n'kuchulukitsa ndi 1.3 mu Juni, kapena ndi 4 mu Malichi ndi Seputembala. Denga lotulukira masentimita 60 lipereka mthunzi wa masentimita 78 mu Juni ndi masentimita 240 mu Seputembala, kuyeza kuchokera pomwe pathera malata kutsika pansi. Mwaona? Mu Juni dzuwa lilowa pawindo n'kutenthetsa chipinda, koma pofika Seputembala khoma lonse lili pamthunzi, popanda wina kukhudza chilichonse. Kumadzulo njirayi siithandiza kwenikweni: dzuwa likatsika kufika pa madigiri 30, denga lomwelo limapereka mthunzi wa masentimita 35 okha.

Ntchito 1

Zikani ndodo yanu mowongoka pabwalo. Kuyambira 10 koloko mmawa mpaka 2 koloko masana, ikani kamwala pomwe pathera mthunzi pa mphindi 30 zilizonse. Mthunzi waufupi kwambiri ukuonetsani mzere wa kumpoto ndi kummwera. Ntchitoyi imaoneka bwino pakati pa Epulo ndi Ogasiti. Kenaka jambulani pansi mapu a sukulu yanu pamodzi ndi ophunzira, pogwiritsa ntchito timitengo, miyala ndi phulusa monga timachitira m'sukulu za kwacha. Afunseni kuti kalasi yotentha kwambiri masana ndi iti. Onani komwe mawindo ake ayang'ana, ndipo lembani zomwe mwapeza.

7.4 Denga

Poti m'miyezi yotentha dzuwa limadutsa pamutu, kutentha kwambiri kumalowera kudenga. Malata ali padzuwa amatha kupitirira madigiri 60 Celsius. Usiku amataya kutentha msanga, n'chifukwa chake mu Juni m'nyumbamo mumazizira, mwinanso kudontha mame.

Denga la udzu lofolera bwino silichita zimenezi, chifukwa pakati pa udzuwo pali mpweya wotsekeredwa. Makolo athu adalidziwa bwino. Komabe udzu ukusowa, umafuna kusintha pafupipafupi, ndipo umagwira moto msanga. Palibe cholakwika kufuna malata. Kungoti walira mvula walira matope: mukagula malata, muwerengerenso za siling'i.

Zinthu zinayi zimathandiza:

1. Siling'i. Amatchinga cheza chochokera kumalata. Ngati mabodi a kusitolo akwera mtengo, mphasa, nsungwi zoluka kapena bango zimagwira ntchito. Muzikhome bwino kuti musakhale makoswe, ndipo mawaya a magetsi adutse m'mapaipi ake poopa moto.
2. Mpata wa mpweya pamwamba pa siling'i. Siyani timabowo m'makoma awiri a kumapeto, pansi pa msonga ya denga, kuti mpweya wotentha uzituluka. Timabowoto tikhale ndi waya wa sefa.
3. Utoto woyera. Malata opaka utoto woyera amabweza cheza chambiri kuposa ofiira, obiriwira, akuda kapena a dzimbiri. Malata a mitundu yoderako ndi okongola, eya, koma kumalo otentha amakulangani.
4. Kutalika kwa khoma. Kuwonjezera mizere iwiri kapena itatu ya njerwa kumachititsa kuti mpweya wotentha ukhale kutali ndi mitu yanu.

Chenjezo: denga lotulukira kwambiri limagwidwa ndi mphepo yamkuntho. Onetsetsani kuti mitengo ya denga yamangidwa ndi waya wokwiriridwa m'khoma, mizere ingapo ya njerwa kuchokera pamwamba. Kungosanjika miyala pamalata sikokwanira.

7.5 Makoma ndi pansi

Khoma lochindikala la dothi kapena njerwa lili ngati mwala wa padzuwa. Limamwa kutentha pang'onopang'ono masana, n'kudzakutulutsa patapita maola angapo. Kumadera okwera monga Dedza, Mzuzu, Lusaka ndi Harare, komwe usiku kumazizira, zimenezi n'zabwino: masana m'nyumba mumakhala mozizirira, usiku khoma limakufundani.

Ku Harare kuli chitsanzo chotchuka, nyumba ya maofesi ndi masitolo yotchedwa Eastgate, yomwe idatsegulidwa mu 1996. Katswiri yemwe adajambula pulani yake, Mick Pearce, adatengera nzeru ku chulu cha chiswe. Usiku mafani amalowetsa mpweya wozizira m'mipata ya konkire, konkireyo n'kuzizira. Masana konkire imamwa kutentha kwa m'maofesi, ndipo mpweya wotentha umatulukira m'machumuni a padenga. Nyumba yaikulu chonchi imagwiritsa ntchito magetsi ochepa poyerekeza ndi zinzake zodalira makina oziziritsa mpweya. Inunso mutha kuchita chimodzimodzi popanda fani: m'chilimwe tsegulani mawindo usiku ndi mbandakucha, n'kutseka dzuwa likakwera.

Kumadera otsika monga Nsanje, Chikwawa, Tete, chigwa cha Luangwa ndi m'mbali mwa nyanja, nkhani ndi ina. Masana kumatha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo usiku sikuzizira mokwanira. Khoma lomwe lakhala padzuwa tsiku lonse limatulutsa kutentha kwake nthawi yogona, anthu n'kuthawira panja, komwe kuli udzudzu. Kumeneko chofunika koposa ndi khonde lozungulira nyumba, mitengo ya mthunzi, laimu woyera pakhoma ndi mawindo aakulu opitisa mphepo.

Nanga timangire chiyani? Kumbukirani kuti nyumba imadya mphamvu isanamangidwe n'komwe. Uvuni wa njerwa umameza mitengo yambiri, kawirikawiri yachilengedwe yomwe idatenga zaka zambiri kukula. N'chifukwa chake mu 2018 dziko la Malawi lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za makampani. Njira zina zilipo: zidina, mdindo, ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikiza pamakina. Musaone ngati mdindo ndi wa anthu osauka okha. Mu 2001 dziko la Zimbabwe lidakhazikitsa muyezo wovomerezeka wa kamangidwe ka nyumba za mdindo.

Mdani wa khoma la dothi ndi madzi. Tidaona pa namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 momwe makoma onyowa kunsi amagwera. Mangani pamalo okwera, maziko akhale a miyala kapena konkire ndipo atulukire pamwamba pa nthaka, muike pepala la pulasitiki pakati pa maziko ndi khoma kuti chinyontho chisakwere, ndipo denga litulukire mokwanira.

7.6 Mphepo, kuwala ndi udzudzu

Mphepo siilowa m'chipinda chomwe ilibe potulukira. Yesani kuuzira m'botolo muone. Choncho chipinda chilichonse chikhale ndi malo awiri otseguka m'makoma osiyana, makamaka oyang'anizana. Poti mpweya wotentha umakwera, ikaninso timawindo kapena njerwa zamabowo pamwamba pa zitseko ndi mawindo. Funsani akuluakulu a m'deralo komwe mphepo imachokera nyengo iliyonse. A kunyanja akuuzani za mwera, a ku Thyolo ndi Mulanje akuuzani za chiperoni. Kumadera ozizira, mbali yomwe kumachokera mphepo ya mu Juni ndi Julayi ikhale ndi mawindo otsekeka bwino.

Apa pali pofunika kusamala. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga. Mukausiya mpatawo, mwaitana malungo. Mukaumata ndi dothi osasiya potulukira mpweya pena, m'nyumba mutentha, ndipo anthu akamva kutentha amasiya kugona m'neti. Njira yabwino ndi kutchinga mpatawo, mawindo ndi timabowo tonse ndi waya wa sefa, kuti mphepo idutse koma udzudzu utsale panja.

Za kuwala nazo: chipinda chomwe mumayatsamo nyale masana chidalakwika pulani. Windo lalitali chokwera limaponya kuwala patali kuposa lalifupi lotambalala. Makoma a m'kati opaka laimu amamwaza kuwala chipinda chonse, ndipo madzulo babu limodzi limakwanira polemba mapulani a maphunziro kapena pochonga makope.

7.7 Khitchini

M'mabanja ambiri, mphamvu yochuluka imathera pamoto wophikira. Pamafuwa atatu, kutentha kwambiri kumangothawira m'mbali, ndipo komwe kumafika mumphika ndi kochepa. Mbaula za dothi monga Chitetezo Mbaula zimasonkhanitsa moto pansi pa mphika ndi kuutchinga ku mphepo. Boma la Malawi lidaika cholinga choti pofika 2020 m'dziko mukhale mbaula 2 miliyoni zosamala nkhuni.

Pokonza pulani ya khitchini, funsani mayi kapena aliyense yemwe adzaphikemo, chifukwa ndiye adzapume utsiwo. Bungwe la World Health Organization limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni padziko lonse chaka chilichonse. Khitchini ikhale ndi windo, potulukira utsi pamwamba, ndipo ngati n'kotheka chumuni. Ikhale mbali yomwe mphepo imapita, kuti utsi usalowe m'zipinda zogona. Musaiwale kashedi kosungira nkhuni, chifukwa nkhuni zaziwisi zimataya moto wambiri poumitsa madzi ake omwe.

Palinso dengu lophikira. Tengani dengu lalikulu, muyalemo nsanza, thonje kapena udzu wouma mochindikala, ndipo mukonze kapilo kovundikira. Nyemba zomwe mwaviika usiku ziwire pamoto kwa mphindi 30, kenaka ikani mphikawo m'dengumo uli chivundikirire, n'kutseka kwa maola atatu kapena anayi. Zipsa ndi kutentha kwake komwe.

Chonde, mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona, kaya kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe suoneka ndipo sununkha. Munthu amangogona tulo osadzukanso. Auzeni ophunzira anu zimenezi mwezi wa Meyi usanathe.

Ntchito 2

Mangani mitolo iwiri ya nkhuni zouma yolemera mofanana. Wiritsani malita 5 a madzi pamafuwa, kenaka malita ena 5 pambaula ya dothi, mumphika womwewo wovundikira. Yezani nkhuni zotsala. Kusiyana kwake kuchulukitseni ndi nthawi zomwe banja limaphika pamwezi. Kodi amayi ndi atsikana angapulumutse maulendo angati a kunkhuni?

7.8 Magetsi ndi sola

Yuniti imodzi ya magetsi ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Kawerengedwe kake n'kosavuta: mawati a chipangizo, kuchulukitsa ndi maola, kugawa ndi 1,000.

Tiyerekeze kuti muli ndi mababu anayi oyaka maola asanu patsiku. Akakhala akale aja a mawati 60, ndiye 4 x 60 x 5 = 1,200, kutanthauza mayunitsi 1.2 patsiku, kapena 36 pamwezi. Babu la LED la mawati 9 limawala pafupifupi mofanana. Ndiye 4 x 9 x 5 = 180, kutanthauza mayunitsi 5.4 pamwezi.

Koma akamberembere enieni ndi zipangizo zotenthetsa: giza, kuka, ketulo, ayironi ndi hita. Kutenthetsa malita 150 a madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi 7. Tangoganizani, kutenthetsa giza kamodzi kokha kukuposa mababu anayi a LED mwezi wathunthu! Ngati mudzafune madzi otentha a pampopi, ikani m'pulani malo a giza ya dzuwa padenga, ndipo bafa ndi khitchini ziyandikane kuti mapaipi afupike.

Mapanelo a sola ayang'ane kumpoto, atapendekeka pafupifupi madigiri 15 kumadera a Malawi, Zambia ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo kupendekekako kuziwonjezereka mukamapita kummwera. Apanso mukuona ubwino wa nyumba yotalika kuchokera kummawa kupita kumadzulo: theka la denga lake layang'ana kale kumpoto. Pasakhale mthunzi wa mtengo, ndipo muzipukuta fumbi. Panelo ya mawati 100, tsiku la dzuwa labwino, imakupatsani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a yuniti mukachotsera zotayika m'batire ndi m'mawaya. Zimenezi zikwanira mababu anayi a LED, kutchaja mafoni ndi wailesi. Mababu akale aja akadafuna mapanelo anayi. Choncho yambani mwachepetsa zomwe mukufuna, kenaka mugule sola.

7.9 Nanga ngati nyumba idamangidwa kale?

Ambiri mwa inu mukukhala m'nyumba za sukulu kapena za lendi. Inenso ndidakhalapo zaka zinayi m'nyumba ina yomwe windo la kuchipinda lidayang'ana kumadzulo. Tidakhoma mphasa pansi pa malata, tidamanga kathandala kunja kwa windolo n'kubzala magalagadeya kuti ayange, ndipo khoma tidalipaka laimu. Chaka chotsatira ana adayambiranso kugona m'neti mu Okutobala. Dziwani kuti mthunzi wa kunja kwa windo umaposa katani ya m'kati, chifukwa katani imatchinga dzuwa litalowa kale. Musanakhome kapena kuboola chilichonse, kambiranani ndi eni nyumba kapena komiti ya sukulu.

Kuomba Mkota

M'mutu uno taona kuti kutentha kumayenda podutsa m'zinthu, poyenda ndi mpweya, ndi mwa cheza. Taona kuti makoma aatali ayenera kuyang'ana kumpoto ndi kummwera, kuti malata amafuna siling'i, kuti khoma lochindikala limathandiza komwe usiku kumazizira, ndiponso kuti mphepo iyenera kudutsa koma udzudzu ayi. Zambiri mwa izi, monga komwe nyumba yayang'ana ndi komwe kuli mawindo, sizifuna ndalama yowonjezera ngati mwaziganizira maziko asanakumbidwe.

Dziyeseni Nokha

1. N'chifukwa chiyani denga lotulukira limathandiza khoma lakumpoto kuposa lakumadzulo?
2. Nyumba ina ku Lilongwe ili ndi denga lotulukira masentimita 40. Mthunzi wa masana pakhoma lakumpoto ukhala wotalika bwanji mu Juni ndi mu Seputembala?
3. Ayironi ya mawati 1,000 imagwira ntchito maola awiri pa sabata. Idya mayunitsi angati pa masabata anayi?
4. Mnzanu wa ku Nsanje akufuna kumanga nyumba yofanana ndi ya mchimwene wake wa ku Dedza. Mumulangiza kuti asinthe chiyani?

Mayankho

1. Masana dzuwa limakhala pamwamba, choncho mthunzi wa denga umatsika pakhoma lakumpoto. Madzulo dzuwa limatsika n'kulowera pansi pa denga.
2. Masentimita 52 mu Juni ndi masentimita 160 mu Seputembala. Kunsi kwa khoma kuzilandirabe dzuwa nyengo yotentha ikamayamba.
3. Mayunitsi 8.
4. Awonjezere khonde ndi mitengo ya mthunzi, akulitse mawindo oyang'anizana okhala ndi waya wa sefa, apake denga ndi makoma utoto woyera, ndipo akweze maziko poopa madzi osefukira.

Ntchito Yotumiza

Jambulani pulani ya nyumba ya zipinda zitatu yoyenera dera lanu. Onetsani kumpoto, komwe mphepo imachokera, mawindo, khonde, khitchini ndi mitengo. Pansi pake lembani ndime imodzi yofotokoza zifukwa zanu. Musanatumize kwa mlangizi wanu, ionetseni kwa mmisiri wa m'dera lanu ndiponso kwa munthu yemwe amaphika kwanu, ndipo mulembe zomwe aliyense wa iwo wakutsutsani.